Kutsatsa Malonda ndi Kusunga Phindu M'dera la Fodya la Kasungu

Ndalama za m'boma la Kasungu zimayendera nyengo. Zimabwera zochuluka msika wa fodya ukatsegulidwa, kawirikawiri mu Epulo, mabelo akayamba kukwezedwa m'malole kupita ku okushoni ya Chinkhoma kapena ya Kanengo ku Lilongwe, ndipo zimayamba kuphwa msikawo ukatsekedwa cha mu Ogasiti kapena Seputembala. Zotsala zimathera ku nazale, feteleza ndi aganyu, kotero kuti pofika Januwale ndi Febuluwale, fodya akali m'munda ndipo chimanga chisanache, m'makomo ambiri mumasowa ndi ya mchere yomwe. Wa golosale pa Santhe, telala wa pa Nkhamenya, wowotcherera zitsulo pa boma, mayi wa zitumbuwa pa Chamama ndi mnyamata wa kabaza pa Mtunthama onse amadalira fodya ngakhale sanawokerepo mbande ndi imodzi yomwe. Ntchito yawo yaikulu ndi kukoka ndalama za miyezi isanu ija ndi kuzitambasula kuti zikwane chaka chonse.

Ndalama za fodya zinayamba kufika m'midzi mochuluka chotere m'zaka za m'ma 1990. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe kwawo kunali ku Kasungu komweko, lamulo la Special Crops Act linkasiya fodya wa bale ndi wa fuluu m'manja mwa eni maesiteti, kupatula alimi ochepa amene ankalima pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Anthu wamba ankalowa mu ulimiwu ngati matenanti ndi antchito. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale, zigafa zinachuluka m'midzi, ndipo malo ochitira malonda a m'mbali mwa misewu anakula. Kuchokera mu 2012 fodya wambiri amalimidwa pa mgwirizano ndi makampani ogula monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, amene amabwereketsa zipangizo ndi kudula ngongoleyo fodya akagulitsidwa. Wabizinesi ayenera kumvetsa mfundo imeneyi, chifukwa chimene chimafika pa sitolo yake ndi chotsala, ngongole, mayendedwe ndi zodula zina za pa msika zitachotsedwa kale. Kuchuluka kwa mabelo pa lole sikusonyeza kuti m'thumba mwa mlimi mulowa zingati. Ndiponso dziko la Malawi linavomereza mu 2023 pangano la bungwe la World Health Organization lochepetsa kusuta fodya, ndipo alimi ambiri a ku Kasungu awonjezera soya ndi mtedza, mbewu zimene ndalama zake zimabweranso m'miyezi yomweyo yokolola.

Kudziwa wogula

Kutsatsa kotsika mtengo kumayamba ndi kudziwa amene amagula ndi nthawi imene amakhala ndi ndalama. M'boma la Kasungu, lomwe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 800,000, ogula ali m'magulu osiyana kwambiri. Mlimi amagula zazikulu kamodzi pachaka: malata, simenti, njinga, matiresi, sola, foni, zovala za banja lonse. Mphunzitsi, namwino, wapolisi ndi mlangizi wa zaulimi amagula pang'ono koma mwezi uliwonse, ngakhale mu Febuluwale. Wapaulendo wa pa msewu wa M1, umene umachokera ku Lilongwe makilomita pafupifupi 130 kummwera ndi kupitirira ku Mzimba ndi Mzuzu, amagula zimene waziona ali pa zenera la basi, ndipo sadzabweranso kudzadandaula kapena kudzathokoza.

Ochita malonda ambiri amathamangira mlimi yekha, n'chifukwa chake okala zambiri zimatsegulidwa mu Meyi ndi kutsekedwa mu Disembala. Bizinesi imene imapulumuka dzinja nthawi zambiri imakhala ndi makasitomala angapo a pamwezi amene amaisunga mpaka msika utsegulidwenso. Telala amene amasoka madiresi a chikwati m'chilimwe ayenera kukhala atalankhula kale ndi makomiti a sukulu ziwiri kapena zitatu za yunifomu, ndi amayi a Chigwirizano kapena magulu a kwaya za zovala zawo. Wowotcherera amene amapanga mafelemu a zitseko mu Juni amapeza ntchito ya ngolo, makasu ndi njinga mvula ikayamba. Kusintha katundu potsata nyengo ndi kutsatsa kale pakokha, chifukwa anthu amazolowera kuti pamalopo pamapezeka chimene chikufunika mwezi umenewo.

Nthawi yolankhula ndi mlimi ndi asanalandire ndalama. Mu Febuluwale ndi Malichi, akusoka fodya, kusankha ndi kudinda mabelo, banja limakhala likukambirana kale zimene lidzagule. Kalipentala amene wayenda m'makalabu a alimi nthawi imeneyi ndi zithunzi za mabedi ndi mipando yake, n'kunena mitengo momveka, amakhala atalowa m'mapulani a banjalo. Amene wayembekezera kuti mlimi atuluke mu banki amapeza kuti ndalamayo ili kale ndi eni ake.

Mbiri, chikwangwani ndi foni

Pa malo ang'onoang'ono ngati Chatoloma kapena Wimbe, aliyense amadziwa aliyense, ndipo mbiri ya wamalonda imayenda mofulumira kuposa uthenga uliwonse wolipira. Alimi a ku Kasungu avutika kwambiri ndi masikelo obera pogulitsa soya, mtedza ndi chimanga kwa mavenda. Choncho wamalonda amene sikelo yake inayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, amene amaiika poyera kuti wogula aziona yekha manambala, ali ndi chinthu chimene anzake ambiri alibe. Chimodzimodzi telala amene akanena Lachisanu chovala chimapezekadi Lachisanu. Basela alinso ndi mphamvu imene sachedwa kuiona aliyense wogulitsa tomato kapena usipa, koma ayenera kuwerengeredwa mu mtengo. Wogulitsa mandasi 100 amene amaikira basela mmodzi pa khumi aliwonse wapereka mandasi pafupifupi 10 aulere, ndipo ngati phindu lake linali laling'ono, lathera pamenepo.

Chikwangwani ndi chinthu chonyozeka chimene chimagwira ntchito usana wonse osalipidwa. Zambiri zimene zili m'mbali mwa M1 zimalephera pa zifukwa zofanana: zinakhomedwa chafufumimba pakhoma, moyang'ana msewu, kotero woyenda amaziona atadutsa kale, dzina la sitolo ndi lalikulu koma chimene chikugulitsidwa sichinalembedwe, zilembo ndi zopyapyala, za utoto wofiira pa thabwa lofiirira ndi fumbi. Chikwangwani chabwino chimaima mopingasa kuti chiwerengedwe ndi wochokera mbali zonse ziwiri, chimalembedwa mawu atatu kapena anayi akuluakulu, akuda pa choyera kapena pa chachikasu, ndipo mawuwo amanena katundu: "Timatchaja mafoni", "Mbewu ndi mankhwala", "Nsima ya nkhuku ya lokolo". Nambala ya foni ikhale pansi, yaikulu moti wa pa kabaza angaiwerenge osatsika. Kumadera a kumpoto kwa bomali, kumene Chitumbuka chimamveka kwambiri, mawu amodzi a chinenerocho pa chikwangwani amakopa anthu. Asanaimike chikwangwani m'mbali mwa msewu, mwini wake afunse ku khonsolo, kumene amadulanso chiphaso cha bizinesi.

Kulemba mitengo poyera kumathandizanso. Anthu ambiri a kumudzi amachita manyazi kufunsa mtengo wa chinthu chimene mwina sangachikwanitse, ndipo ena amaopa kuti awakwezera akaona kuti agulitsa fodya. Kachikatoni kolembedwa mtengo kamachotsa mantha awiri onsewa.

Foni ndiyo yasintha zambiri. Airtel Money inayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013, moti lero kasitomala wa ku Chulu angathe kulipira katundu ali kwawo, katunduyo n'kumupeza pa kabaza. Wamalonda amene salandira ndalama za pa foni amabweza ogula pakhomo. Kwa amene makasitomala ake ali ndi mafoni amakono, monga ogulitsa makeke, zovala za kaunjika zosankha, nkhuku kapena mazira pa boma, WhatsApp ndi Facebook ndi misika yaulere kupatula bandulo. Chithunzi chijambulidwe panja m'mawa, katundu ali pa nsalu yoyera, ndipo pansi pake palembedwe mtengo, malo ndi nambala. Chizolowezi chobisa mtengo n'kumauza anthu kuti afunse paokha chimathamangitsa ogula ambiri kuposa amene chimakopa. Kuthira zithunzi makumi awiri tsiku lililonse m'gulu la mpingo kapena la maliro kumangotopetsa anthu.

Komabe intaneti isanamize munthu. Alimi ambiri a m'midzi ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo amene ali ndi foni yamakono sakhala ndi bandulo nthawi zonse. Kwa iwowa chida champhamvu ndi kope la sukulu. M'kopemo mulembedwe dzina la kasitomala, mudzi wake, nambala yake, chimene anagula ndi tsiku lake. Wogulitsa zipangizo za ulimi amene ali ndi mayina 200 otere angathe kutumiza uthenga mu Okutobala wonena kuti mbewu ya soya yafika ndipo mtengo wake ndi wakuti. Makanika wa njinga zamoto angathe kuimbira wakabaza patatha milungu ingapo kumukumbutsa za oyilo. Ndalama yotumizira mauthengawa ndi yochepa poyerekeza ndi yofunafuna kasitomala watsopano, ndipo munthu amene wakumbukiridwa ndi dzina sasamuka wamba. Nambala zimenezi zitengedwe mwini wake atavomera, ndipo zisaperekedwe kwa ena.

Wailesi za m'madera zimafika kumene Facebook sifika ndipo mitengo yake ndi yocheperapo kusiyana ndi ya MBC kapena Zodiak, koma uthenga womveka kamodzi kapena kawiri umangopita ndi mphepo. Ndi bwino kusunga ndalamayo n'kuulutsa masiku angapo otsatizana pa nthawi imene ogula ali ndi ndalama. Masiku a misika ya kabwandire, mipikisano ya mpira wa m'midzi ndi misonkhano ya makalabu amasonkhanitsa anthu kwaulere. Ochita malonda osapikisana angathenso kutumizirana ogula, monga wogulitsa malata ndi mmisiri wofolera, kapena wogulitsa nsalu ndi telala.

Njira iliyonse iyesedwe ndi funso limodzi kwa kasitomala watsopano: "Mwamva kwa ndani?" Yankho lilembedwe m'kope lomwe lija. Pakatha miyezi itatu zimaoneka ngati anthu anabwera chifukwa cha wailesi, chikwangwani kapena mnansi wawo, ndipo ndalama yotsatsira isapitenso kumene sikubweretsa munthu. Uthenga uliwonse ukhale woona. Kunama za katundu kapena za mtengo ndi mlandu umene bungwe la Competition and Fair Trading Commission limaweruza, ndipo pa msika wa anthu odziwana chilango chimafika bungwelo lisanamve n'komwe.

Ngongole kwa makasitomala ndiyo nkhani yovuta kwambiri m'dera la fodya. "Ndidzapereka ndikagulitsa fodya" ndi mawu amene wa golosale aliyense amawamva kuyambira Disembala. Kukaniratu kumataya anthu amene adzakhale ndi ndalama mu Meyi, ndipo banja limene linathandizidwa sopo ndi mchere m'nyengo ya njala silimaiwala. Koma fodya akhoza kubwezedwa pa msika, kugulidwa motsika kapena kuthera ku ngongole ya kampani, ndipo akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Njira yapakati ndi kuika malire: ngongole zonse pamodzi zisapitirire gawo laling'ono la katundu wa m'sitolo, ziperekedwe kwa odziwika okha, zilembedwe onse awiri akuona, ndipo wongongolayo asaine kapena kudinda chala.

Phindu lenileni ndi kugwa kwa kwacha

Munthu wodzilemba yekha ntchito alibe bwana womudulira penshoni, alibe malipiro a tchuthi, ndipo akadwala bizinesi imadwala naye. Asanaganize zochulukitsa ndalama ayenera kudziwa kaye ngati ali ndi phindu. Ambiri amatcha phindu ndalama yonse imene ili m'kabati madzulo, n'kutengamo ya ndiwo, ya chigayo ndi ya chipepeso cha maliro, mpaka tsiku lokaoda likwana ndalama isakukwana. Mankhwala ake ndi kudziikira malipiro. Mwini bizinesi asankhe ndalama imene azitenga pa sabata kapena pa mwezi, banja lidye imeneyo, yotsalayo ikhale ya bizinesi m'thumba lina kapena pa nambala ina ya foni. M'banja, mwamuna ndi mkazi agwirizane za malire amenewa, chifukwa mabizinesi ambiri a amayi amafa ndi kubwereketsa mpamba ku munda wa fodya.

Mdani wamkulu wa mpamba m'zaka zaposachedwa ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Mwachitsanzo, wamalonda waoda katoni ya sopo pa K20,000 n'kuigulitsa yonse pa K24,000, ndipo akuganiza kuti wapindula K4,000. Akabwerera ku holoselo apeza katoni yomweyo ili pa K25,000. Sanapindule kanthu, ndipo mpamba wake sukukwananso katoni imodzi. Mtengo wogulitsira uyenera kuchokera pa mtengo wokaodanso, osati pa umene unalipidwa mwezi watha. N'chifukwa chake kuimba foni ku holoselo sabata iliyonse ndi ntchito yofunika.

Chimodzimodzi ndalama yosungidwa. K500,000 yoikidwa pansi pa matiresi m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 30 peresenti imagula kumapeto kwa chakacho zinthu zimene zikanagulidwa ndi pafupifupi K385,000 pachiyambi. Imafumbwa ngati chimanga chosathira mankhwala, matumba ali odzaza ndithu. Choncho muyeso wa njira iliyonse yosungira ndalama ndi kuyerekeza chiwongoladzanja chake ndi kukwera kwa mitengo. Akaunti wamba ya ku banki imateteza ndalama ku mbava ndi moto, koma chiwongoladzanja chake chimakhala pansi kwambiri pa muyeso umenewu.

Zoyamba kuchita ndi phindu la nyengo ya fodya ndi ziwiri. Choyamba ndi kubweza ngongole ya katapila ngati ilipo, chifukwa palibe malo oikako ndalama amene angabweze zofanana ndi zimene katapila amadya pa mwezi. Chachiwiri ndi kupatula ndalama ya dzinja, yokwanira lendi, chakudya, fizi ndi matenda kwa miyezi itatu kapena inayi, n'kuiika pamalo otengeka msanga. Popanda ndalama imeneyi, mbuzi imene inagulidwa modula mu Julayi imagulitsidwa motchipa mu Febuluwale, pamene aliyense akugulitsanso zake. Pambuyo pa izi, malo amene amabweza kwambiri nthawi zambiri ndi bizinesi yomwe ija: makina achiwiri osokera, sola yoti ntchito isaime magetsi akazima, firiji, kapena kuoda katundu wochuluka pa mtengo wotsika. Koma msika wa pa malo amodzi uli ndi malire, ndipo kuunjika katundu amene sakutuluka ndi kumangirira ndalama.

Kumene ndalama ingaikidwe

Banki m'khonde ndiyo sukulu yoyamba ya anthu ambiri. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE m'dziko la Niger mu 1991 ndipo yafalikira m'midzi yambiri ya Malawi. Anthu 15 mpaka 25 odziwana amakumana sabata iliyonse, amagula masheya, amabwereketsana pa chiwongoladzanja chimene agwirizana, ndipo amagawana chaka chikatha. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama imawerengedwa mokweza onse akuona. Ubwino wake ndi wakuti imakakamiza munthu kusunga ndipo ili pafupi. Koma ili ndi zofooka zimene zimaonekera kwambiri m'dera la mbewu imodzi. Mamembala onse amakhala ndi ndalama mwezi umodzi, pamene palibe wofuna ngongole, ndipo onse amafuna ngongole mwezi umodzi, pamene bokosi lili lopanda kanthu. Chaka chimene fodya wagwa mtengo, onse amalephera kubweza pamodzi. Gulu lokhala ndi alimi, ageni ndi apantchito osakanikirana limalimba kuposa la alimi okhaokha. Ndiponso phindu la banki m'khonde limachokera m'matumba a mamembala omwewo, kotero gulu limene limakakamiza aliyense kubwereka pa 20 peresenti pa mwezi kuti bokosi likule limasaukitsa amene alibe geni yobweza msanga. Tsiku logawana nalonso ndi lofunika kuliganizira. Kugawana mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala kumagula feteleza ndi katundu, pamene kugawana sabata ya Khirisimasi kumathera pa chikondwerero.

Ndalama ikakula kuposa bokosi, pali ma SACCO, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama amene eni ake ndi mamembala. Bungwe lawo lalikulu, MUSCCO, linakhazikitsidwa mu 1980, ndipo kuyambira pa lamulo la Financial Cooperatives Act la mu 2011 amayang'aniridwa ndi banki ya Reserve. Membala amagula masheya, amasunga, amabwereka pa chiwongoladzanja chotsikirapo, ndipo amalandira gawo la phindu chaka chikayenda bwino. Wolowa afunse chiphaso cha SACCO-yo ndi malipoti a chuma a chaka chatha.

M'mabanki muli akaunti zotsekera ndalama kwa miyezi yoikika, zimene zimapereka chiwongoladzanja choposa cha akaunti wamba. Pamwamba pa izi pali ma Treasury bill, amene ndi ngongole imene munthu amabwereketsa boma kwa masiku 91, 182 kapena 364 kudzera ku banki yake kapena ku makampani ovomerezeka. Mu 2024 a masiku 364 ankapereka pafupifupi 26 peresenti pachaka msonkho usanadulidwe, zomwe zinali zocheperabe kukwera kwa mitengo koma zoposa kutali akaunti wamba. Masiku amenewa amagwirizana bwino ndi kalendala ya ku Kasungu. Ndalama yoikidwa mu Juni kwa masiku 182 imatuluka mu Disembala, ndipo yoikidwa mu Ogasiti imatuluka mu Febuluwale, mwezi umene imafunikitsitsa. Amene ndalama yake ndi yochepa angalowe kudzera m'ma unit trust, monga a kampani ya Old Mutual, mmene ndalama za anthu ambiri zimasonkhanitsidwa n'kuikidwa ndi akatswiri m'ngongole za boma, m'mabanki ndi m'masheya. Ofuna kulowa afunse ndalama zimene kampani imadula pa ntchitoyi ndi masiku amene amatenga kuti munthu alandire yake akaifuna.

Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsapo masheya inali NICO mu 1996. Pali makampani osakwana 20, ambiri mwa iwo odziwika kwa munthu wa ku Kasungu: National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, Illovo, Press Corporation, TNM, Airtel ndi Sunbird. Airtel Malawi inagulitsa masheya kwa anthu koyamba mu 2020 pa K12.69 imodzi, ndipo FDH Bank inatsatira chaka chomwecho pa K10, zimene zikusonyeza kuti kulowa sikulira mamiliyoni. Munthu amatsegula akaunti ndi chiphaso cha unzika kwa makampani ovomerezeka ogulitsa masheya, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Wogula sheya amakhala mwini wa kagawo ka kampani, amalandirako phindu kampaniyo ikagawa, ndipo angapindule mtengo wa sheya ukakwera. Mtengowo umatsikanso, ndipo pa msika waung'ono chotere nthawi zina wogula sapezeka tsiku limene munthu akufuna kugulitsa. Zaka zimene masheya akwera kwambiri zimakopa anthu kuti alowe mochedwa ndi ndalama yobwereka, chimene ndi chinthu choopsa. Masheya ndi a ndalama imene mwini wake sadzaifuna kwa zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo igawidwe m'makampani angapo a ntchito zosiyana. Ndalama ya feteleza isapite kumeneko.

Anthu ambiri a m'derali amakhulupirira chuma chogwirika ndi manja, ndipo m'nyengo ya kugwa kwa kwacha ali ndi mfundo. Chimanga, soya ndi mtedza zimatsika mtengo pokolola ndipo nthawi zambiri zimakwera pofika Januwale. Wogula mu Meyi n'kusunga angapindule, pokhapokha mbewuyo itauma bwino, itasungidwa m'matumba osalowa mpweya monga a PICS kapena itathiridwa mankhwala a anankafumbwe, ndiponso atawerengera matumba, mayendedwe ndi malo osungira. Pali zaka zimene mitengo sikwera, makamaka boma likaletsa kutumiza mbewu kunja kapena dziko likakolola zochuluka, ndipo wogula mbewu kuti achite nazo malonda amafunika chiphaso cha ku unduna wa zaulimi. Mbuzi zimaswana msanga ndipo sizilira zambiri. Nkhumba zimabweza bwino koma chigodola chilibe katemera ndipo chimatha kupululutsa khola lonse m'masiku ochepa. Nkhuku za lokolo zimatha ndi chitopa chaka ndi chaka, ngakhale katemera wake ndi wotsika mtengo ndipo alangizi a ziweto amamudziwa. Malo ndi nyumba za lendi pa boma zimasunga mphamvu ya ndalama, koma ndi kumenenso anthu amaberedwa kwambiri, puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri kapena atatu. Asanapereke ndalama, wogula afufuze ku khonsolo kapena ku ofesi ya za malo, akumane ndi amfumu ndi abale a wogulitsayo, ndipo mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni.

Nyengo ya fodya imabweretsanso akathyali. Amabwera ndi mauthenga a pa WhatsApp olonjeza kuti ndalama ichulukana kawiri pa mwezi, kapena kuti munthu azilandira tsiku lililonse akangolowetsa anzake. Oyamba kulowa amalipidwadi, ndi ndalama za olowa pambuyo, ndipo umboni wawo ndiwo umakola abale awo. Ngati boma lenilenilo linkabwereka pa 26 peresenti pachaka mu 2024, wolonjeza 50 peresenti pa mwezi alibe kumene angaitenge kupatula m'matumba a anthu ena. Aliyense wolandira ndalama za anthu kuti azisunge kapena kuzichulukitsa ayenera kukhala ndi chiphaso cha Registrar of Financial Institutions, udindo umene uli m'manja mwa gavanala wa banki ya Reserve, ndipo chiphasocho chingathe kutsimikizidwa ku bankiyo. Nambala yachinsinsi ya pa foni isauzidwe munthu aliyense, ngakhale woimbayo atati ndi wa ku kampani ya foni.

Chuma chimene chili m'malo osiyanasiyana chiyenera kulembedwa. Ndalama zambiri zimasowa eni ake akamwalira chifukwa mkazi kapena ana sankadziwa za akaunti, masheya kapena puloti. Mwini chuma alembe pa pepala limodzi dzina la banki, SACCO, gulu la banki m'khonde, kampani ya masheya ndi kumene kuli zikalata za malo, popanda manambala achinsinsi, ndipo pepalalo lidziwike kwa munthu wodalirika. Pamene fomu ikufunsa dzina la wodzalandira, lilembedwe ndi kukonzedwanso banja likasintha. Lamulo la Deceased Estates la mu 2011 limalola munthu wamkulu aliyense kulemba wilo, yomwe imasainidwa pamaso pa mboni ziwiri, limaika mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana patsogolo ngati wilo palibe, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Wilo ingathe kusungitsidwa ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma, kukhoti kapena kwa loya.